Bourne yachiwiri siifika pa yoyamba, musandiuze zina

Dzulo madzulo pa baraka ina pano pa Ulongué alamu anga andipsetsa mtima mpaka pano sunatsike. Timaonera The Bourne Supremacy, filimu yachiwiri ya Jason Bourne, pa TV ya pabarakapo, kamnyamata kena kafunsa kuti kodi mkuluyu akuthawa chani, alamu osaganiza nkomwe akuti "yoyamba ija usavutike nayo iwe, ndi yozizira amangoyankhula, filimu yeniyeni ndi imeneyi". Yozizira?? The Bourne Identity yozizira? Alamu ndimakulemekezani, mlongo wanga mukumusunga bwino, koma pa nkhani iyi yokha mwanamiza mwana.

Yoyamba ija ya 2002 inali ndi mtima, yachiwiri ya 2004 ili ndi phokoso, basi nkhani ndi imeneyo. Tangoganizani mmene imayambira, asodzi akuvuula munthu pa nyanja ya Mediterranean ali ndi zipolopolo ziwiri kumsana, dzina lake salidziwa, kwawo sakudziwa, chomwe ali nacho ndi kachitsulo kamene anamuchotsa m'chiuno koonetsa nambala ya akaunti ya ku banki ya ku Zurich. Afika kubankiko atsegula bokosi apeza mapasipoti ambirimbiri nkhope yake yomweyo maina osiyana, ndalama, mfuti. Iwe woonera ukusokonezeka naye limodzi, ukufunsa naye kuti ndine ndani. Kenako Marie. Mtsikana wosauka woyendayenda amene alibe ndi pogona penipeni, Bourne akumulonjeza 20,000 dollars kuti amuperekeze ku Paris pa kagalimoto kake kakale ka Mini kofiira kaja. Kuyambira pamenepo umaopa kuti mtsikanayu angafe, ndipo mantha amenewo ndi amene amakugwira pampando. Pamene akumudula tsitsi mu hotela muja palibe mfuti yalira koma aliyense amakhala chete. Ndiye wina aziti yozizira?

Tsono yachiwiri atani? Filimu isanapite patali amupha Marie ku Goa. Amupha! Kirill, munthu wa ku Russia wotumidwa kudzapha Bourne, waombera, galimoto yagwera mumtsinje kuchokera pa mlatho, Bourne ayesa kumupumira m'kamwa pansi pa madzi, zakanika, amusiya apite ndi madzi. Munthu amene anatipangitsa kuikonda nkhani yonse amuchotsa ngati wongodutsa. Chotsala ndi mwamuna wokwiya akuyenda yekha, Naples, Munich, Berlin, Moscow, sayankhula ndi munthu, saseka, alibe womufunsa kuti wadya kodi. Matt Damon wosewera ngati Bourne ndi yemweyo inde koma ndimuopere chani munthu woti palibenso chimene angataye? Filimu inafera mumtsinje muja pamodzi ndi Marie, zotsatirazo ndi kuthamanga chabe.

Akuti chifukwa anasintha wotsogolera, Doug Liman anachoka nkubwera Paul Greengrass, zawo zimenezo.

Ndipo ndewu zomwe alamu akutamazo mumaziona inu? Kamera ikungogwedezeka, chithunzi chisanakhazikike adula kale, umangomva phu phu phu osadziwa wamenya ndani wagwa ndani. Mu yoyamba ndewu ya m'nyumba ya ku Paris ija, wina ali ndi mpeni Bourne watola cholembera patebulo, umaona chilichonse mpaka pamene cholembera chalowa padzanja, mkuluyo nkuchisolola yekha. Mu yachiwiri abwereza zomwezo ku Munich ndi magazini yokulunga koma uyenera kutsinzina diso limodzi kuti utsatire. Mpikisano wa galimoto chimodzimodzi, Mini ikutsika masitepe ku Paris umadziwa apolisi ali pati iye ali pati, pamene takisi ya ku Moscow ija ndi zitsulo kungogundana mpaka mutu kuwawa. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mwakopeka ndi phokoso alamu, phokoso lokhalokha.

Ndipo mwana munamuuza kuti adumphe yoyambayo adziwa bwanji Treadstone, pulogalamu yachinsinsi ya akazitape a ku Amerika a CIA imene Bourne anali m'menemo, kuti ndi chani? Adziwa bwanji Conklin amene ankaiyendetsa, adziwa bwanji chifukwa chimene bwana wake Abbott akunjenjemera pamaso pa Pamela Landy, mayi wa CIA amene akufufuza nkhaniyo? Yachiwiri ikudyera thukuta la yoyamba, payokha siingaime. Ngakhale malo amodzi okha amene ndimavomera kuti ndi abwino, kumapeto pamene Bourne wapita kwa mwana wamkazi wa Neski, wandale wa ku Russia, ku Moscow kukamuuza kuti makolo ake anawapha ndi iye, mayi ake sanaphe bambo ake nkudzipha ngati mmene anthu ankanenera, pamakhudza chifukwa tinamuona kale munthuyu ali ndi Marie, tikudziwa kuti nayenso wamva kuwawa kwa kuluza. Popanda yoyamba pamenepo ndi bambo wotsimphina akuyankhula ndi mtsikana basi.

Komanso pomwepo ndi pamene panandinyansa kwambiri dzulo, chifukwa fulashi inali ya zija zomasulira ma DJ zimene anyamata amabwera nazo kudzera pa Calómuè. Inu ma DJ tamverani, kutimasulira mu Chichewa timayamika, agogo athu nawo amatsatira, koma si paliponse pofunika pakamwa panu. Mtsikana akulira, munthu akupepesa kuti ndinapha makolo ako, iwe uli pamwamba kukuwa kuti "eee mfana wafewa uyu" kenako kupereka moni kwa anzako a ku Dedza ndi kutchula nambala yako ya foni kawiri. Baraka yonse kuseka pamalo olira. Maina nawo mumangopeka, Bourne mwamusandutsa Joni, Marie mukuti "chimkazi chija", Berlin mukuti ku Amerika. Ngati filimu simunaimvetse isiyeni tizionera ya Chipwitikizi.