Mwalemba ntchito wrestler, nanga mfutiyo mukumupatsiranji?

Ndilankhuleko za mafilimu a ndewu otchipa aja amene pachikuto pake pamakhala chimphona cha WWE chitapinda manja, moto ukulilima kumbuyo kwake. Ndimawakonda mafilimu amenewa, n'chifukwa chake amandipweteka mtima akawonongeka. Anthu ambiri akaonera imodzi n'kuboweka amathamangira kunena kuti wrestler sadziwa sewero. Ine ndikukana. Nthawi zambiri wolakwa ndi amene anagawa masiku ojambulira, ndi mnzake amene anaduladula zithunzi pomaliza. Amalemba ntchito munthu amene watha zaka 10 kapena 15 akugwa chagada usiku ndi usiku pamaso pa khamu, popanda mwayi wobwereza, kenaka amamupatsa mfuti n'kumubisa kuseri kwa galimoto. Kuli ngati kugula ng'ombe yapangolo n'kuimangirira pakhonde kuti odutsa aziiona.

Tiyambire pa ndalama, pakuti nkhani yonse yagona pamenepo. WWE, kampani ya ku America ya masewera ogwetsana, inatsegula nthambi yake ya mafilimu mu 2002. Poyamba ankafuna zazikulu: The Marine ya John Cena inatuluka mu 2006, itajambulidwa ku Queensland m'dziko la Australia, ndipo mu 2007 The Condemned ya Steve Austin inadya pafupifupi madola 20 miliyoni koma m'nyumba zoonetsera kanema sinabweze ngakhale theka. Atapsa chala chomwecho anasintha njira: bajeti yochepa, filimu ipite molunjika pa DVD. The Marine 2 ya 2009 inajambulidwa ku Thailand, mwini filimu ali Ted DiBiase Jr., ndipo kuyambira yachitatu mu 2013 kufikira ya nambala 6 mu 2018 anali The Miz. Naye Austin anapanga mafilimu angapo otere m'chigawo cha British Columbia ku Canada, kumene boma limabwezera opanga mafilimu gawo la ndalama zimene alipira antchito a komweko. Ndiye mukaona nkhalango ya mitengo ya paini, mvula yowaza ndi fakitale yakale m'filimu imene ikunena kuti tili ku America, kawirikawiri mukuona madera ozungulira Vancouver.

Filimu yotere imagulitsidwa isanajambulidwe n'komwe. Ogula a m'maiko osiyanasiyana amaona dzina ndi chithunzi cha pachikuto, n'kulonjeza ndalama. Wrestler amabwera ndi otsatira ake kale, ndipo malipiro ake safika pa a akatswiri a ku Hollywood. Ndiye kwa mwini ndalama, ntchito ya wrestler yatha tsiku limene wasaina. Zimene thupi lake lingachite pa kamera, palibe amene anazilowetsa m'masamu.

Masamuwo ndi awa. Tsamba limodzi la sikiripiti limapereka pafupifupi mphindi imodzi ya filimu, choncho filimu ya mphindi 90 ndi masamba 90. Tinene kuti mwapatsidwa masiku 18. Ndiye kuti tsiku lililonse muyenera kumaliza masamba 5, m'maola 12. Nthawi iliyonse mukasuntha kamera, magetsi nawo asunthe, ndipo mphindi 20 kapena 30 zapita. Patsiku mungaimike kamera malo 25 kapena 30 ngati gulu lanu lili lachangu. Anthu awiri okambirana pa tebulo, masamba 5 amatheka dzuwa lisanapendeke. Koma m'sikiripiti ndewu imalembedwa mizere iwiri yokha, pamene pansi imafuna masiku awiri kapena atatu kuti ituluke bwino. Wokonza ndondomeko akamawerenga masamba m'malo mowerenga ntchito, ndewu yaikulu ya kumapeto imapatsidwa theka la tsiku, kawirikawiri tsiku lomaliza, anthu atatopa ndipo ndalama zoonjezera maola zitatha.

Zikatero wotsogolera filimu amachita chimene aliyense wopanikizika angachite. Amaimika makamera awiri kapena atatu pafupi kwambiri, amawagwedeza dala, amajambula chibakera chimodzi chimodzi, n'kusiyira edita kuti akasoke. Zotsatira zake ndi zimene mumaziona zija: chigongono, phewa, fumbi, nkhope yakwinyika, munthu ali pansi. Wagwa bwanji, simunaone. Yesani kuwerenga tsiku lina: pa mphindi imodzi ya ndewu yotere chithunzi chimasintha ka 40 kapena kuposa. Aliyense angaoneke womenya akadulidwa motero, ngakhale munthu amene sanaponyepo chibakera chibadwire. Ndiye wrestler munamutengeranji?

Tsono sindikunena kuti wrestler akatsika mu ring'i ndiye kuti wakonzekera kamera. Pali zinthu zimene ayenera kuvula, ndipo zimafuna masiku oyeserera amene bajeti yotchipa imayamba kudula. Mu ring'i oonera ali mbali zonse zinayi, choncho chibakera chiyenera kufika pathupi, mopepuka koma chikhudze, apo ayi wina wa kumbali aona mpata. Pa kamera woonera ndi mmodzi, lenzi. Chibakera chimadutsa patali ndi nkhope, masentimita 15 mpaka 30, bola chidutse pa mzere wochokera pa lenzi kupita pa chibwano cha womenyedwayo. Kamera ikakhala kumbuyo kwa phewa la mmodzi wa iwo, mpatawo suoneka, ndipo lenzi yokoka zakutali imauphwatalitsa kwambiri. Kamera ikaima m'mbali mwenimweni, bodza lonse lili poyera. Wrestler wozolowera kukhudza amayandikira mopitirira, ndipo mnzake wa sewero amene sanazolowere amatsinzina kapena kubweza mutu chibakera chisanafike. Kubwereza kulikonse ndi mphindi zimene mulibe.

Chachiwiri ndi phazi. Ma wrestler ambiri amaponda pansi mwamphamvu pamene akuponya chibakera, kuti matabwa a ring'i alire ndipo a kumbuyo amve kuti chalowa. M'filimu phokoso la chibakera amaliika pambuyo mu situdiyo, ndiye kupondako kumangooneka ngati munthu akuvina, komanso kumasokoneza wojambula mawu. Chachitatu ndi nkhope. Ululu umene amauonetsa mu ring'i ndi woti auone munthu wakhala mpando wotsiriza m'bwalo la anthu 15,000. Kamera ikayandikira nkhope, kukuwa ndi kutong'ola maso komweko kumasefukira. N'chimodzimodzi mawu: pa maikolofoni ya mu ring'i amalankhula ndi khamu n'kumadikira kuti liyankhe, pomwe m'filimu akulankhula ndi munthu ali pamphuno pake. Zonsezi zimachotseka. Dave Bautista, amene anali wrestler wa WWE, anayambira m'mafilimu otchipa a pa DVD cha m'ma 2010, ndipo taonani mmene anadzaphunzirira kulankhula motsitsa ndi kungokhala chete pa kamera. Anafunika nthawi ndi otsogolera amene anamusamala.

Nkhani ya kugwa ndi imene anthu saimvetsa kwenikweni. Ring'i ya WWE ndi ya mafiti 20 mbali zonse. Pansi pali zitsulo, pamwamba pake matabwa, kenaka siponji yopyapyala ndi chinsalu cholimba. Si matiresi ayi, imapweteka, koma imanepa pang'ono pakati, ndipo wrestler anaphunzira kugwa ndi msana wonse nthawi imodzi, chibwano atachikanikiza pachifuwa, manja akumenya pansi kuti mphamvu imwazike. Simenti ya m'fakitale sinepa. Kuti agwe pamenepo pamafunika mphasa ya labala yopakidwa utoto wofanana ndi pansipo, zotetezera msana ndi zigongono zobisika m'zovala, ndiponso jekete m'malo mwa vesiti kuti zotetezerazo zisaoneke. Apa pali mkangano weniweni, chifukwa wogulitsa filimu akufuna minofu ionekere. Tebulo loti lithyoke likhale la matabwa ofewa ochekedwa kale pang'ono kunsi, galasi likhale lija lopangidwira kusweka, ndipo chilichonse chikhale ndi zinzake zitatu kapena zinayi, malaya omwe, chifukwa akang'ambika kapena kuthimbirira magazi pa ulendo woyamba simungabwereze ndi omwewo. Filimu yotchipa imagula tebulo limodzi. Likathyoka kamera isanakonzeke, basi, edita akazionere yekha.

Komanso thupi la wrestler wopuma silikhala lathunthu. Austin anavulala khosi pa SummerSlam ya 1997, mpikisano waukulu wapachaka wa WWE, mawondo ake onse awiri ndi ovutika, ndipo anasiya kumenya nthawi zonse mu 2003. Munthu wotere simungamuuze kuti adumphe kuchokera pa denga ka 6. Womulowa m'malo pa zoopsa nayenso savuta kumuzindikira, popeza anthu a makilogalamu 110 kapena 120 odziwa ma stunt ndi ochepa, ndipo msana ukasiyana oonera amaona. Koma zimenezi si chifukwa chomupatsira mfuti. Ndi chifukwa chomulembera ndewu yomuyenera: yapafupi, yolemera, ya zigongono ndi kukankhirana kukhoma, imene sifuna kuuluka.

Chimene wrestler ali nacho, chimene akatswiri ambiri a sewero alibe, ndi luso lolandira chibakera. Kumenya aliyense amayesa, koma ndewu imakhulupirika chifukwa cha womenyedwa: mutu kutembenuka pa nthawi yake, miyendo kufooka, kupuma movutika, kugwira nthiti imene inapwetekedwa mphindi ziwiri zapitazo osaiwala kuti ndi ya kumanzere. Amadziwanso kusunga m'mutu mayendedwe 20 kapena 30 otsatizana, ndi kukamba nkhani ndi thupi: wamphamvu ayambe kulamulira, wofooka apeze kampata, amulandenso, anthu ataye mtima, kenaka zitembenuke. Ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi imeneyo.

Umboni ulipo kuyambira 1988. They Live ya John Carpenter inali ya bajeti yochepa, madola pafupifupi 3 miliyoni, ndipo mwini filimu anali wrestler Roddy Piper. Muli ndewu ya Piper ndi Keith David m'kanjira ka kuseri kwa nyumba, yoposa mphindi 5, chifukwa chakuti wina akukana kuvala magalasi. Anaiyeserera kwa masabata angapo motsogozedwa ndi Jeff Imada, katswiri wa ma stunt. M'ndewuyo mulibe kuphulika kwa bomba, mulibe galimoto yogubuduzika. Kamera imaima patali ndithu moti matupi onse awiri akuoneka, ndipo imadikira. Amuna awiri amatopa pamaso panu, amagwa, amadzuka mwaulesi, mukaganiza kuti yatha imayambiranso. Papita zaka zoposa 35 anthu akuikambabe. Ndalama zake zinapita ku nthawi yoyeserera, chinthu chotchipa kuposa china chilichonse pa filimu, chifukwa pamafunika anthu atatu kapena anayi ndi mphasa, pamene tsiku lojambula limalipira anthu 50 kapena kuposa, magalimoto, jenereta ndi chakudya.

Ndiye maganizo anga kwa opanga mafilimu otere ndi osavuta. M'malo mwa ndewu 8 zosaoneka, lembani zitatu. Perekani sabata yathunthu yoyeserera kamera isanafike, ndipo ndewuyo ijambulidwe kaye pa foni m'chipinda choyesereramo, idulidwe, kuti tsiku lenileni aliyense adziwe pamene kamera iime. Ndewu yaikulu ijambulidwe pakati pa ndondomeko, osati tsiku lomaliza. Gawani ndewuyo m'zidutswa za mayendedwe 6 mpaka 10, chilichonse chijambulidwe osadula, mapazi ndi mitu zikuoneka. Mdani wamkulu akhale wrestler mnzake kapena katswiri wa ma stunt, osati munthu wa dzina amene wabwera masiku awiri ndipo sangakhudzidwe. Mukatenga wa dzina wotereyo ndi pamene mumapeza mafilimu amene anthu awiri a pachikuto sakumana n'komwe m'chithunzi chimodzi, wina anajambulidwa Lolemba, wina Lachisanu, pakati pali msana wa munthu wina. Ndipo mfuti ithe zipolopolo msanga. Kuwomberana kotchipa, kwa moto wa pakamwa pa mfuti woikidwa ndi kompyuta ndi magazi ojambulira, ndiko kumaulula umphawi wa filimu kuposa china chilichonse, pamene anthu awiri olimbana m'khitchini yopapatiza amaoneka bwino ngakhale ndalama zili zochepa.

Kwathu kuno ambiri mafilimu amenewa timawaonera m'mavidiyo sho kapena pa foni, ena atamasuliridwa m'Chichewa, womasulira akuthira ndemanga zake pamwamba. Mawu a Chingerezi amene wrestler anavutika nawo aja samveka n'komwe. Chotsala ndi thupi lake ndi zimene likuchita, ndipo anyamata a pa benchi amadziwa kale suplex ndi spear, amadziwa kuti mwini filimu safa, akungofuna kuona mmene apulumukire. Chithunzi chikamadukaduka sekondi iliyonse pa sikirini yaing'ono, m'chipinda cha mdima, ngakhale womasulirayo amasowa chonena, amangoti wamumenya, osatha kufotokoza kuti wamumenya ndi chiyani.