Amuna anzanga, kuchipatala tizipita limodzi

Banja likatha chaka popanda pathupi, maso onse amathera pa mkazi. Apongozi amayamba kufunsa mozungulira, alamu amanong'onezana pamaliro, mpaka wina amatulutsa mawu akuti "ameneyu ndi chumba". Mwamuna palibe womufunsa. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa pa mabanja amene akusowa mwana, pafupifupi theka lake vuto limakhudzanso mwamuna. Ndipo si vuto la anthu ochepa ayi. Lipoti la 2023 la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati munthu mmodzi mwa anthu 6 alionse amakumana ndi vuto la kusabereka nthawi ina pamoyo wake.

Taonani zimene mkazi amapirira akayamba kulandira chithandizo. Amamutenga magazi pa masiku oikika a msambo, amamuunika ndi sikani, kenako amamujambula X-ray atamulowetsa mankhwala m'chiberekero kuti aone ngati machubu odutsa mazira atsekeka, ndipo zimenezi zimawawa. Mapiritsi othandiza kuti dzira likhwime amamutenthetsa thupi, mtima nkumangokwiya wokha. Mwezi wonse amawerenga masiku ali ndi chiyembekezo, msambo ukabwera amakalirira kubafa kuti anthu asamumve, mawa lake nkuvala nkhope yabwino kupita kuntchito. Mnzake akachira, amachita mantha kukaona khanda, osati chifukwa cha nsanje, koma akudziwa funso limene akamufunse kumeneko. Ngakhale za kuchipinda zimasanduka ntchito yoyendera kalendala. Ndalama nazo zimatha: ngongole ku banki mkhonde, mbuzi kwa asing'anga, ena mpaka kugulitsa malo kuti akayese IVF (njira yophatikiza dzira ndi mbewu ya mwamuna kunja kwa thupi, kenako nkuziika m'chiberekero) ku Johannesburg kapena ku India, kumene kulibenso chitsimikizo choti zitheka ulendo woyamba.

Nanga ife amuna amatipempha chiyani? Kudziletsa masiku awiri mpaka 7, kupereka umuna m'kabotolo kuti akauyeze, basi. Koma timakana, ati "ine ndili bwinobwino". Tikusokoneza zinthu ziwiri. Munthu akhoza kukhala ndi mphamvu zonse pabedi koma mbewu zake zili zochepa kapena zosayenda bwino. Chinzonono chimene sichinachiritsidwe bwino chimatha kutseka njira ya mbewu, matsagwidi ogwira munthu atakula nawonso amatha kuwononga. Zina mwa izi zimachizika zikadziwika. Ndikumvetsa kuti kutchedwa gojo kumaopsa, ndipo mwamuna amene wauzidwa kuti vuto lili mwa iye amasowa ngakhale mnzake womuuza. Komabe manthawo tisawasenzetse mkazi kuti azimwa mankhwala ndi kunyozedwa zaka ndi zaka pa vuto limene mwina si lake.

Inu ankhoswe, nkhaniyi ikafika kwa inu, musathamangire kunena za mkazi wachiwiri kapena kulowetsa fisi m'nyumba. Yambani mwafunsa ngati onse awiri anayezetsa, ndipo ngati mwamuna akuchita manyazi, muperekezeni inuyo kuchipatala.