Dzina la galimoto ndi chiwongo chabe

Sabata yatha mlamu wanga anabwera kudzandifunsa nzeru pa nkhani yogula galimoto, popeza ndalama zimene wakhala akusunga kwa zaka zinayi tsopano zakwanira. Ndisanatsegule pakamwa, iwo anali atadziyankha kale kuti, "Alamu, mtundu uliwonse ndilandira, bola ikhale Toyota." Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri, m'maofesi, pamaliro ngakhale pamzere wa mafuta, ndipo ndikufuna kunena poyera kuti ngakhale muli choonadi mkati mwake, ambiri a ife timawakhulupirira pa zifukwa zolakwika.

Kwathu kuno tikudziwa kuti chiwongo sichifotokoza khalidwe la munthu. A Phiri alipo olimbikira ntchito, aliponso a Phiri amene dzuwa limawatulukira ali pamkeka. Chizindikiro chimene chimamatidwa kutsogolo kwa galimoto chafika pofanana ndi chiwongo, chifukwa nthawi zambiri sichikuuzani ngakhale fakitale imene galimotoyo inabadwira. Toyota Passo, imene yadzaza m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, inkapangidwa ndi Daihatsu, ndipo ku Japan inkagulitsidwanso ndi dzina lakuti Daihatsu Boon. Toyota Rush ndi Daihatsu Terios yovala malaya ena, ndipo Toyota Probox imene timaisenzetsa matumba a chimanga mpaka kumbuyo kukhudza pansi imatuluka m'fakitale ya Daihatsu ku Kyoto. Amene amagula galimoto zatsopano kuchokera ku South Africa adziwe kuti Toyota Starlet imene inayamba kugulitsidwa kumeneko mu 2020 ndi Suzuki Baleno yopangidwa ku India, pamene Toyota Vitz yatsopano ya mu 2023 ndi Suzuki Celerio. Ndinamvapo madalaivala awiri a minibasi akukangana mpaka kutuluka thukuta pa funso lakuti yolimba ndi iti pakati pa Mazda Bongo ndi Nissan Vanette, osadziwa kuti kuyambira mu 1994 Vanette imene ankaitamayo inkapangidwa ndi Mazda, ndipo inali Bongo yomweyo. Sindinalowererepo, chifukwa mkanganowo unkawasangalatsa.

Makampani a mayina akuluakulu nawonso amalakwa, ndipo nthawi zina amabisa. Mu December 2023 Daihatsu inavomera kuti kwa zaka zoposa makumi atatu panali chinyengo pa mayeso a chitetezo, chinyengo chimene chinakhudza mitundu 64 ya galimoto, kuphatikizapo ina yogulitsidwa m'dzina la Toyota, ndipo mafakitale ake ku Japan anaima kwa kanthawi. Mu 2014 Toyota inalipira boma la America madola 1.2 biliyoni chifukwa chosanena zoona pa vuto la galimoto zimene zinkathamanga woyendetsa asakufuna. Volkswagen, imene ambiri timaiona ngati chitsanzo cha ukatswiri wa ku Germany, inagwidwa mu 2015 itaika pulogalamu yonamiza oyeza utsi m'galimoto za dizilo pafupifupi 11 miliyoni. Koma nkhani imene ikutikhudza kwambiri ndi ya Takata, kampani imene inkapanga ma airbag, matumba aja amene amafufuma pangozi kuti ateteze munthu. Mankhwala ofufumitsira matumbawo ankawonongeka ndi kutentha komanso chinyezi, ndipo ena ankaphulika n'kumwaza zidutswa za chitsulo kumaso kwa woyendetsa. Matumba amenewa anaikidwa mu Honda, Toyota, Nissan, BMW, Ford ndi ena ambiri, kufikira Takata inagwa mu 2017. Galimoto imene inakwera sitima isanakonzedwe, n'kudutsa pa Dar es Salaam ndi Songwe, palibe kalata yochokera ku Japan yoiitanira kukakonzedwa imene idzaitsatire ku Mangochi kapena ku Nsanje, kumene kutentha sikusewera.

Sindikunena kuti mbiri ya Toyota inagwa kumwamba. Hilux, Land Cruiser, Hiace ndi Corolla zakale zinaipeza mbiriyo movutikira, m'matope a nyengo ya dzinja ndi m'misewu ya fumbi imene galimoto zina zinkasiyamo ziwalo. Chimene tiyenera kukumbukira n'chakuti mbiri imayenda mochedwa kuposa fakitale. Galimoto zimene zinamanga dzinali zinali zosavuta, za mawaya ochepa, zimene makaniko wa pansi pa mtengo wa mango ankatha kuzimasula ndi sipanala zitatu. Za masiku ano zili ndi makompyuta, masensa ndi magiyabokosi ofuna mafuta akeake, komabe timazigula ndi chikhulupiriro chimene tinatengera kwa atate athu. Kuchedwa kwa mbiri kumapwetekanso mbali inayo. Hyundai italowa msika wa America mu 1986 ndi galimoto yotchedwa Excel, anthu anaiseka chifukwa cha kuwonongekawonongeka. Kampaniyo inakonza zinthu, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 inayamba kulonjeza kukonza injini ndi giyabokosi mwaulere kwa zaka khumi, koma kunyozako kunatenga nthawi yaitali kuti kuzilale.

Mfundo imene ndikufuna kuikhalira ndi iyi: chimene ife timachitcha kulimba kwa galimoto, nthawi zambiri ndi kupezeka kwa masipeya. Zaka zingapo zapitazo ndinali ndi galimoto ya mtundu umene anthu saukonda kwenikweni. Inanditumikira zaka zitatu osadandaula, kupatula kusintha oyilo, mabuleki ndi matayala. Tsiku lina inakana kulira, ndipo vuto linali kasensa kakang'ono ngati chala cham'kombaphala, kamene ndinakasaka m'mashopu onse a ku Biwi, mu Lilongwe, osakapeza, mpaka ndinachita kuitanitsa kuchokera ku Johannesburg. Galimotoyo inakhala pabwalo masabata atatu, nkhuku zikubisala dzuwa kunsi kwake, ndipo aliyense wodutsa ankapukusa mutu n'kunena kuti, "Tinakuuzani ife." Chaka chomwecho galimoto ya mnansi wanga, ya mtundu wotamandidwa, inawonongeka katatu: pampu ya madzi, mabushi a kutsogolo, kenaka koyilo. Nthawi zonse zitatuzo iwo ankapita ku galaja m'mawa n'kubwerako madzulo akuyendetsa, chifukwa chipangizo chilichonse chinali pa shelefu, chatsopano kapena chochotsa ku galimoto yangozi. Palibe amene anawerenga maulendo atatuwo, koma masabata anga atatu mudzi wonse ukuwakumbukira. Kupezeka kwa masipeya ndi phindu lenileni, ndipo munthu amene amadalira galimoto imodzi pa bizinesi yake ali ndi chifukwa chomveka cholilipirira. Chokhacho, tilitchule ndi dzina lake, tisalisokoneze ndi luso la amene anapanga galimotoyo.

Palinso mlandu umene timausenzetsa makampani pamene olakwa ndife eni. Galimoto zing'onozing'ono zambiri zochokera ku Japan, monga Vitz, Fit, Note ndi Sienta, zili ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT, imene m'malo mwa magiya a mano imagwiritsa ntchito lamba woyenda pakati pa mapule awiri. Giyabokosi imeneyi imafuna mafuta ake enieni, ndipo ikathiridwa mafuta a otomatiki wamba, lambayo amayamba kuterereka mpaka zonse zitapsa. Ndinaonapo makaniko wachikulire akusolola kachitsulo koyezera mafuta, n'kukanunkhiza, kenaka n'kumufunsa mwini galimoto modekha kuti anathira ndani mafuta ofiirawo. Mwiniyo anali atauza kale anzake onse kuti mtundu umenewo ndi wachabechabe. Zoonadi, ma CVT ena ndi ofooka kuposa anzawo, koma ambiri amene amafera m'magalaja athu amaphedwa ndi botolo lotchipa.

Choncho mlamu wanga sindinawaletse Toyota, koma ndinawapempha kuti asiye kufunsa za chiwongo n'kuyamba kufunsa za mwanayo. Ndinawauza kuti adziwe nambala ya injini ndi mtundu wa giyabokosi, apemphe pepala la kumsika wa ku Japan limene limasonyeza ngati galimotoyo inachitapo ngozi, ayerekeze makilomita olembedwawo ndi mmene chiwongolero, mpando ndi zopondera zaperesekera, ndiponso afufuze ndi nambala ya chasisi ngati airbag yake inasinthidwa. Ndinawonjeza kuti asanatumize ndalama, atenge tsiku limodzi azungulire mashopu a masipeya akufunsa mtengo wa mashoko, pampu ya mafuta ndi giyabokosi ya galimoto yeniyeniyo, chaka chake ndi injini yake. Loweruka anapitadi ku Biwi ndi kope m'manja, ndipo madzulo anandiimbira kundiuza kuti pa galimoto zitatu zimene anazilemba, imodzi aichotsa kale, ndipo yochotsedwayo ndi ija ankaifuna poyamba.