Siyani makompyuta a anthu agwire ntchito

Ndakwiya ndipo sindibisa. Mnyamata wina wophunzira za makompyuta wafufuta Linux Mint, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, pa laputopu ya amalume anga ku Mufakose mu Harare n'kuikapo mtundu wina wa Linux wotchedwa Arch Linux, osafunsa aliyense. Akuti Mint ndi ya ana, akuti odziwa zinthu sagwiritsa ntchito zoterozo. Amalumewo ndi alembi a bungwe lathu lothandizana pa maliro. M'laputopu imeneyo ndi mmene muli mayina a mamembala onse, amene apereka za mwezi, amene atsalira, ndi amene analandira chipepeso. Loweruka kunali msonkhano. Amalume poyatsa angoona mdima pa sikirini, tizilembo toyera tikuphethira pakona, popanda podina paliponse. Pulinta nayo zii. Anachita kutulutsa kope lakale lothothoka masamba n'kumawerenga mayina chala chikunjenjemera, amayi ena kumbuyo akung'ung'udza kuti ndalama zawo za mwezi watha sizikumveka. Munthu wa imvi, wosunga ndalama za anthu mokhulupirika zaka zonsezi, kuchititsidwa manyazi chifukwa mwana akufuna kuonetsa kuti amadziwa!

Mafayilo mnyamata uja anawasunga pa fulashi, inde. Nanga amalume awatsegula pati?

Anyamata inu, tamverani. Kompyuta ya munthu si bwalo loti muzionetserapo nzeru zanu. Linux yabwino ndi imene mwini kompyuta akutha kuyatsa, kulemba, kusindikiza n'kuzimitsa popanda kuimbira munthu foni. Basi. Ngati mwaika chinthu choti mwiniwake sangathe kuchigwiritsa ntchito inu mukachoka, simunamuthandize, mwamulanda chipangizo chake. Kaya chinthucho chikhale chamakono bwanji, kaya chikuthamanga bwanji, mwamulanda.

Ine Arch sindidana nayo. Ilipo kuyambira 2002 ndipo oikonda ali ndi zifukwa zawo. Koma inapangidwira munthu amene akufuna kumanga chilichonse ndi manja ake, kulemba malamulo mu terminal (sikirini ya zilembo zokhazokha ija), kuwerenga malangizo usiku wonse. Ma update ake sakhala ndi nyengo, amangobwerabe, lero izi mawa izo. Ndiye muganize za Harare wathuyu. Magetsi amathima tsiku lonse n'kudzabwera pakati pa usiku anthu atagona. Bandulo ya intaneti timagula ndi madola osowa kale. Munthu wopuma pa ntchito aziwononga data yake kutsitsa zinthu sabata iliyonse, magetsi n'kuthima ali pakatikati, batire la laputopu linafa kalekale, kenako kompyuta osayakanso? Ndani abwere kudzakonza? Inu amene pa Loweruka lija foni yanu simumayankha?

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kwa ine nkhani ndi yotha kale. Munthu wamba wofuna kompyuta yolembera makalata, yosungira maakaunti, yoonera Facebook ndi kumvera ulaliki, mupatseni Linux Mint. Clément Lefèbvre anaiyamba mu 2006 ndipo mpaka lero cholinga chake sichinasinthe: munthu akhale pansi, ayambe ntchito. Batani la menyu lili pansi kumanzere, pomwe aliyense amene anagwirapo Windows amaliyembekezera. LibreOffice yolembera makalata ndi maakaunti imabwera ili momwemo, Firefox yolowera pa intaneti ili momwemo. Mapulinta ambiri mukangolumikiza imawazindikira yokha. Inamangidwa pa Ubuntu, mtundu wina wa Linux, ya kusamalidwa nthawi yaitali, ndiye mukaika kamodzi mumalandira zokonza za chitetezo kwa zaka 5. Mint 22 inatuluka mu 2024 ndipo ikhala ikusamalidwa mpaka 2029. Ilinso ndi Timeshift, yoti zinthu zikasokonekera mumabwezera kompyuta mmene inalili dzulo. Laputopu ikakhala yokalamba kwambiri, ya RAM ya 4GB ngati ya amalume, muikeni Mint ya mtundu wa Xfce, yopepuka, ndipo iyenda. Chovuta n'chiyani pamenepa? Chochititsa manyazi n'chiyani?

Akuti ndi ya ana. Chinthu chikakhala chosavuta ndiye kuti ndi cha ana? Kombi ya ku Mbare imanyamula anthu tsiku ndi tsiku kuwafikitsa ku ntchito, ndiye wina aitukwane chifukwa si galimoto ya mpikisano? Amalume sali pa mpikisano ndi munthu. Akufuna mndandanda wa mayina utuluke papepala, anthu aone ndi maso awo kuti ndalama zawo zilipo. Ntchito yake ndi imeneyo, ndipo Mint inkaigwira bwinobwino mpaka tsiku limene katswiri wathuyu anafika.

Ndikudziwa, anyamatawa amaonera mavidiyo a anyamata akunja okhala ndi intaneti yosatha ndi magetsi osathima, n'kumati nafenso tikhale choncho. Zimenezo n'zawo.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi chakuti mtima wonyoza woterewu ndi umene ukuthamangitsa anthu ku Linux. Linus Torvalds, amene anayamba Linux, anaika ntchito yake poyera mu 1991 kuti aliyense atenge. Ian Murdock anayamba Linux ya Debian mu 1993 ndi mtima womwewo. Mark Shuttleworth, wa kuno kum'mwera ku South Africa, anatulutsa Ubuntu mu 2004 ndipo kwa zaka ndithu ma CD ake ankatumizidwa ulere kwa aliyense wopempha, kufika ngakhale kwa ife kuno. Onsewa ankatsegula chitseko. Inu mwafika lero mwaima pakhomo n'kumafunsa anthu ngati amadziwa terminal. Ndinu ndani? Ukonde Linux ya Fedora, ikonde pa kompyuta yako, uziisintha miyezi 6 iliyonse ikatuluka yatsopano. Ukonde Debian, ukonde Arch, ufulu ndi wako, ndipo ufulu umenewo ndiye phindu lake la zinthuzi. Koma pa kompyuta ya mayi ako, ya abusa, ya alembi a bungwe, funsa kaye kuti amachitapo chiyani. Funsa! M'mawa muno amalume akufunsa ngati si bwino angobwerera ku Windows, poti ati za Linux zija n'zosadalirika. Mwaona zimene mwachita?

Ndipo poti tatchula Windows, inunso okonza makompyuta m'timashopu ta m'tauni musaganize kuti ndakuiwalani. Chiyambire pamene Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, mwapeza podyera. Munthu akabwera ndi laputopu yake yabwinobwino mumamuuza kuti yatha, siingalandire Windows 11 chifukwa ilibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, agule ina, ndipo inayo ili pa shelefu yanu pomwepo. Akakana mumamuikira Windows yobedwa, n'kumulipiritsa madola, pakatha mwezi yadzaza mavairasi abwerenso adzalipire. Mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika anasunga ndalama chaka chonse kuti mwana wake akhale ndi kompyuta ya kusukulu, inu mukumuuza kuti aitaye. Fulashi ya Mint muli nayo m'dirowa, mukudziwa bwino kuti makinawo angayende nayo zaka zina zambiri, koma simutchula n'komwe. Kumeneko ndi kuba.