Mozambique ndi Angola: wina anakambirana mpaka kutopa, wina anamenyana mpaka kutha

Pa 4 Okutobala 1992, pulezidenti wa Mozambique Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa zigawenga za Renamo Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere mumzinda wa Rome, nkhondo ya zaka 16 ya m'dziko la Mozambique n'kuzizira. Mwezi womwewo usanathe, mfuti zinali zikulira m'misewu ya Luanda, likulu la Angola. Pangano la Angola, lomwe linasainidwa chaka ndi miyezi ingapo m'mbuyomo, linali litasanduka chipepala chabe, ndipo anthu a kumeneko anadikira mpaka 2002 kuti agone tulo.

Mayiko awiriwa amafanana zambiri. Onse anatsanzikana ndi Apwitikizi mu 1975. Konse kuwiri boma linkatsamira ku Soviet Union pomwe zigawenga, Renamo ku Mozambique, UNITA ku Angola, zinkadyetsedwa ndi boma la tsankho la South Africa. Onse ali pa mpanda umodzi ndi Zambia. Nanga zinasiyana pati?

A ku Angola anachita phuma. Pangano la ku Bicesse, m'dziko la Portugal, linasainidwa pa 31 Meyi 1991, ankhoswe ake ali Portugal, America ndi Soviet Union, ndipo zisankho anaziika mu Sepitembala 1992. M'miyezi 16 yokha ankafuna kuti magulu awiri a nkhondo atule zida, apange gulu limodzi, anthu alembetse, avote. Bungwe la United Nations linatumiza asilikali oyang'anira 350 basi, m'dziko lalikulu kuposa Malawi kakhumi. Tsiku lovota linafika aliyense mfuti yake ili kuchipinda. Pulezidenti José Eduardo dos Santos anapeza mavoti pafupifupi 49.6 pa 100 alionse, Jonas Savimbi wa UNITA pafupifupi 40. Panayenera kukhala chibwereza, koma Savimbi anati amubera, n'kubwerera kutchire. Pangano lija silinanene chomwe wogonja adzadye, ndiye wogonjayo anakadzitengera yekha. Mu 1993 mizinda ya Huambo ndi Kuito inaphwasuka kuposa mmene inaphwasukira zaka zonse za m'mbuyo.

Ku Mozambique zinthu zinayenda mwakachetechete ndiponso mochedwa zedi. Anayamba ndi akuluakulu a mipingo, pakati pawo Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira, omwe anakakumana ndi a Renamo ku Nairobi mu 1989. Mu Juni 1990 panakonzedwa kuti mbali ziwirizi zikumane maso ndi maso konkuno ku Blantyre, koma zinalephereka, nthumwi zinabalalika zisanakhale pa tebulo limodzi. Mwezi wotsatira anakakumana ku Rome, m'nyumba yakale ya masisitere yomwe gulu la Akatolika la Sant'Egidio limagwiriramo ntchito. Ankhoswe anali anayi: Gonçalves yemweyo, Andrea Riccardi, wansembe Matteo Zuppi, ndi Mario Raffaelli woimira boma la Italy. Analibe asilikali, analibe chowopsezera munthu. Armando Guebuza ankatsogolera mbali ya boma, Raul Domingos mbali ya Renamo, ndipo anakokana miyezi 27.

Tangoganizani, chaka chathunthu ndi miyezi chinatha asanagwirizane mfundo yoyambirira yeniyeni, yoti Renamo ivomere kuti boma ndi boma, nalo boma livomere kuti Renamo ndi chipani osati "mbava zonyamula mfuti" monga linkawatchulira. Nthawi yonseyo anthu ankafa ku Zambezia ndi ku Tete, ndiye sindinganene kuti kuchedwako kunali kwaulere. Komabe paja kuona maso a nkhono n'kudekha: pofika tsiku losaina, mbali zonse zinkadziwa chilichonse cholembedwamo chifukwa zinali zitakangana pa mzere uliwonse.

Komanso a Mozambique anali ndi mwayi woona mnzawo akupsa ndevu. United Nations itachita manyazi ndi za ku Angola, inatumiza asilikali oposa 6,000 ndi nthumwi yake Aldo Ajello. Zisankho zomwe zinayenera kuchitika mu 1993 anazikankhira ku Okutobala 1994, kuti asilikali ayambe atula zida. Msilikali aliyense wopita kumudzi ankalandira kangachepe kwa zaka ziwiri. Gulu latsopano la nkhondo linayenera kukhala la anthu 30,000, theka uku theka uko, koma odzipereka sanafike n'komwe theka la chiwerengerocho. Anyamata anali atatopa, ankafuna khasu.

Pali china chomwe ambiri sakonda kuchitchula. Mayiko opereka thandizo anasonkha ndalama, madola pafupifupi 17 miliyoni, zoti Renamo isanduke chipani: maofesi, magalimoto, nyumba za atsogoleri ku Maputo. Kunena mosapsatira, anthu omwe ankawotcha midzi ndi kudula anzawo makutu analipidwa kuti aleke. Panalibe khoti, panalibe bungwe lofufuza zoona ngati la ku South Africa. Nyumba ya malamulo inangokhululukira onse, ndipo ntchito yotsuka magazi inatsalira asing'anga, mafumu ndi mipingo m'midzi. Zimanyansa, inde. Koma Dhlakama atanyanyala zisankho zitangotsala maola ochepa kuti ziyambe, anamunyengerera n'kubwerera, ndipo atagonja ndi mavoti pafupifupi 34 pa 100 alionse kwa Chissano yemwe anapeza 53, anang'ung'udza koma sanalowe m'tchire. Renamo inatenga mipando 112 mwa 250.

Ngakhale zili choncho, ine ndimaona kuti ankhoswe a ku Rome timawatamanda mopitirira. Chomwe chinasiyanitsa mayiko awiriwa kwambiri ndi thumba. Boma la Angola linali ndi mafuta a m'nyanja, Savimbi anali ndi dayamondi wa ku Lunda, choncho America ndi Soviet Union atasamba m'manja, aliyense ankatha kudzigulira yekha akasinja. Frelimo, chipani cholamula ku Mozambique, inkakhalira thandizo lakunja, Renamo inkakhalira chakudya cholanda m'midzi, ndipo chilala cha 1992 chija, chomwe nafenso chinatidyetsa chimanga chachikasu, chinapserezanso minda yomwe zigawenga zinkadyamo. Ankhondo anjala amamva msanga.

Umboni wake uli ku Lusaka. Pangano lomwe linasainidwa kumeneko pa 20 Novembala 1994, mkhalapakati wake ali Alioune Blondin Beye wa ku Mali, linakonza pafupifupi zonse zomwe zinalakwika ku Bicesse. UNITA inapatsidwa maunduna, asilikali a United Nations anabwera masauzande, boma la mgwirizano linakhazikitsidwa mu 1997. Koma Savimbi sanapite n'komwe kukasaina, anangotuma mlembi wa chipani, ndipo migodi sanaitaye. Beye anafa pa ngozi ya ndege mu 1998, chaka chomwecho nkhondo n'kuyambiranso. Inatha Savimbi atawomberedwa m'chigawo cha Moxico pa 22 Febuluwale 2002. Zomwe akuluakulu a asilikali anagwirizana ku Luena, n'kusainidwa pa 4 Epulo, zinali mfundo za wopambana ndi wogonja.

Ife a pa mpanda tinalipira nawo. Njanji ya Benguela, yomwe inkanyamula mkuwa wa Zambia kupita ku Lobito, inatsekeka mu 1975, ndipo misasa ya Meheba ndi Mayukwayukwa inasunga anthu a ku Angola mpaka ana obadwira momwemo anabereka awo. Kenneth Kaunda anayesa kuyanjanitsa, Frederick Chiluba anachereza zokambirana, koma mphotho yake inali kunenedwa ndi Luanda kuti zida za UNITA zimadzera ku Zambia.

Malawi ndiye anamva kuwawa kwenikweni, pena chifukwa cha kuchenjera kwake komwe. Kamuzu ankadya uku ndi uku, mpaka mu Sepitembala 1986 Samora Machel wa Mozambique, Robert Mugabe ndi Kaunda anabwera ku Blantyre kudzamuuza m'maso kuti Matsanga, a Renamo aja, akudutsa m'dziko lake. Posakhalitsa asilikali athu anapezeka akulondera njanji ya Nacala, kutetezera sitima kwa anthu omwe boma lathu linkanenedwa kuti likuwasunga. Njanji za ku Beira ndi Nacala zitafa, feteleza ndi mafuta zinkazungulira ku Durban, mathiraki akudutsa ku Tete pa mdipiti woperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe. Othawa nkhondo anaposa 1 miliyoni, ndipo ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Aliyense woyenda pa msewu wa Ntcheu kupita ku Dedza ankaziona ndi maso: dzanja ili msika uli piringupiringu, dzanja linalo, kungodumpha phula, mashopu a njerwa opanda denga, makoma ali zibowo zokhazokha za zipolopolo, tsekera atamera m'kati. Mapiri a m'mbali mwa misasa anameteka mpala ndi nkhuni. Pangano la ku Rome litagwira, ambiri mwa anthuwo anabwerera kwawo m'zaka ziwiri zokha, ochuluka wapansi, mitolo ndi malata pamutu.

Tsono pali ena amati njira ya Angola ndiyo yolimba, chifukwa chiphedwereni Savimbi nkhondo ija sinabwererenso, pomwe Mozambique anabwerera ku mfuti. Mfundoyi ili ndi mutu. Chissano anakana boma la mgwirizano, ndipo ngakhale Renamo inatsogola m'zigawo zisanu mu 1994, abwanamkubwa onse ankasankhidwa ndi pulezidenti ku Maputo. Dhlakama naye anasunga asilikali ake ku Gorongosa m'dzina la alonda. Mu 2013 zinaphulikanso, ndipo mu 2016 tinaona anthu masauzande atakhamukira ku Kapise m'boma la Mwanza, msasa wa Luwani n'kutsegulidwanso. Panafunika pangano lina mu Ogasiti 2019 pakati pa pulezidenti Filipe Nyusi ndi mtsogoleri watsopano wa Renamo Ossufo Momade, Dhlakama atamwalira kale, ndipo chaka chomwecho abwanamkubwa anayamba kuchokera m'mavoti. Malo omaliza a asilikali a Renamo anatsekedwa mu Juni 2023, zaka zoposa 30 chisainireni ku Rome.

Koma onena zimenezi amaiwala kuwerenga manda a pakati pa 1992 ndi 2002. M'zaka zomwe Angola ankakwirira anthu mazanamazana a masauzande ndi kudzala mabomba okwirira m'minda, Mozambique ankamanga sukulu, fakitale ya Mozal inayamba kusungunula aluminiyamu mu 2000, ndipo pambuyo pake malasha a ku Moatize anabweretsa njanji yatsopano yodutsa ku Mwanza, Nkaya ndi Nayuchi mpaka ku Nacala. Zipolowe za 2013 mpaka 2016 zinali zoipa, koma sizingayandikire n'komwe za ku Huambo. Ndipo wopambana ndi mfuti safunsa munthu: dos Santos analamulira mpaka 2017, zaka 38, chuma cha mafuta chikuthera m'manja mwa banja lake ndi akazembe ankhondo.

Sikuti Frelimo inachita manyazi chifukwa choti inakambirana. Ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni zinatulukira mu 2016, ku Cabo Delgado kwakhala nkhondo ina kuyambira 2017, ndipo zisankho za 2024 zitatha anthu anadzaza misewu, apolisi akuwombera. Oyenda m'misewuwo sanali a Renamo. Ambiri anali achinyamata obadwa pangano la ku Rome litasainidwa kale, otsatira Venâncio Mondlane yemwe anapikisana nawo pa mpando wa pulezidenti, achinyamata omwe m'mapangano onse awiri aja mulibe mzere wonena za iwo. Kumapeto kwa chaka chimenecho mabanja anawolokanso kulowa ku Nsanje, ndipo amathiraki athu a mafuta ankapita ku Beira mtima uli m'mwamba.