SADC si chitaganya, abale anga

Ikangomveka nkhani yoti abale athu akuthamangitsidwa ku Joni, kapena kuti anansi atitsekera chipata, mawu amayamba kuwuluka muno mu Lilongwe: "Tingotulukamo mu SADC, tikupindulamo chiyani?" Ena amafika poti Britain idatuluka mu European Union, makolo athu adaphwanya chitaganya, nanga ife tikuopa chiyani. Mkwiyowo nanenso umandigwira. Koma zotulukazo ndikukana, ndipo chimene chimandipweteka mtima kwambiri n'kumva munthu akuika SADC, bungwe la maiko a kumwera kwa Africa, ndi chitaganya cha atsamunda chija pa mkeka umodzi.

Mu chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland sitidalowemo tokha, adachita kutikankhiramo. Mu 1953 mafumu adakana, Nyasaland African Congress idakana, koma a ku London adapitiriza ngati palibe wayankhula. Inkosi Gomani ya ku Ntcheu adaichotsa pampando chaka chomwecho chifukwa cholimbikitsa anthu ake kukana. Likulu lidali ku Salisbury (Harare ya lero), ndipo pa mipando 35 ya nyumba ya malamulo, ya anthu akuda idali 6 yokha, pamene eni nthaka m'maiko atatuwo adali mamiliyoni. Kamuzu adatsika ndege pa Chileka pa 6 Julayi 1958 atanena poyera kuti wabwera kudzathetsa chitaganyacho. Pa 3 Malichi 1959 anthu adawomberedwa pa doko la Nkhata Bay, iye n'kutengedwa kukatsekeredwa ku Gweru. Chitaganya chidafa pa 31 Disembala 1963. Anthu amene timawakumbukira pa 3 Malichi aja sankadana ndi anansi. Ankakana kulamulidwa ndi anthu osawasankha, m'nyumba momwe pakamwa pawo padali potsekedwa.

Nanga SADC ndani adatikakamiza? Pomwe bungweli linkayamba ku Lusaka mu 1980, pa dzina la SADCC, Malawi adali m'gulu la maiko 9 oyambitsa. COMESA nayo, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, idakhazikitsidwa muno mu Lilongwe mu 1994, mlembi wake wamkulu ali mwana wa kuno, Bingu wa Mutharika. Mu 2013 ndi mu 2021 atsogoleri a SADC adakumana mumzinda uno, wapampando n'kukhala mtsogoleri wathu. Mpando tili nawo, mwayi wolankhula tili nawo. Ngati amene timawatuma amakangokhala duu, tiwafunse iwowo.

Tsono tiyang'ane mapu. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere. Mafuta omwe timawagonera pamzere usiku wonse aja amadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Feteleza chimodzimodzi. Fodya wochoka ku Kanengo, tiyi wa ku Thyolo, shuga wa ku Dwangwa ndi ku Nchalo, zonsezi zimadutsa m'munda mwa wina zisanafike kwa wogula.

Ndipo pitani pa depoti m'mamawa kusanache. Mukapeza mayi atamanga chitenje m'chiuno, pasipoti ataikulunga m'pepala la pulasitiki kuopa thukuta, akukankha zikwama zake pansi pa basi, ulendo wa ku Chipata kapena ku Kyela. Sadafunsirepo viza ku ofesi ya kazembe aliyense. Amangodinditsa pa Mchinji kapena pa Songwe, mawa lake ali pa benchi yake mumsika, ndipo fizi ya ana imachokera pamenepo. Aliyense wofuna kuti tituluke ayambe wakafotokozera mayi ameneyu kuti geni yake idzayenda bwanji msonkho ndi mapepala zikachuluka pachipata. Wokwera ndege sadzamva kanthu. Adzamve ululu ndi iyeyu.

Za Britain tizinene zonse, osangotola zokoma. Adavota pa 23 Juni 2016, anthu 52 mwa 100 alionse adati atuluke, koma adatuluka pa 31 Januwale 2020, nduna zazikulu ziwiri, David Cameron ndi Theresa May, zitatula pansi udindo chifukwa cha nkhani yomweyi. Scotland, yomwe idavota kuti akhalebe, idatulutsidwa nawo. Malire a ku Ireland adawasowetsa tulo zaka zingapo, ndipo ogulitsa nsomba ndi nyama ku Ulaya lero amadzaza mapepala omwe kale kudalibe. Limeneli ndi dziko lolemera, lozunguliridwa ndi madoko, la ndalama yamphamvu. Walira mvula walira matope, ndipo matope athu angakhale akuya kuposa awo.

Sindikuti SADC ndi yoyera, ayi. Mu 2008 ndi mu 2015 abale athu adabwerera kuchoka ku South Africa pa mabasi, ena chimanjamanja, ndipo mawu a bungweli adali ofooka mochititsa manyazi. Khoti lake, komwe munthu wamba akadatha kukasumira boma, atsogoleri adaliyimitsa litagamula mokomera alimi omwe adalandidwa minda ku Zimbabwe. Mkangano wa nyanja yathu ndi Tanzania adaupereka kwa Joaquim Chissano ndi Thabo Mbeki, atsogoleri akale a Mozambique ndi South Africa, mpaka lero sudathe. Zonsezi zimandikwiyitsa. Koma titatuluka, Amalawi a ku Joni sangabwerere kumudzi tsiku lomwelo. Angakhalebe komweko, kungoti boma lawo lingakhale litataya bwalo limodzi lokawalankhulira.

Chimene ndikufuna ine n'chakuti nduna ikabwera kuchokera ku msonkhano wa SADC, aphungu aziyiimitsa m'nyumba ya malamulo inene chomwe yakapempha ndi chomwe yayankhidwa. Ikanene za madalaivala athu omwe amagona masiku pachipata kudikira mapepala, za chitetezo cha matchona athu, za khoti lija kuti litsegulidwenso kwa anthu wamba. Phungu wa dera lanu mumamudziwa, ndipo ambiri a iwo ali pa Facebook pompano. Mufunseni ngati adadzutsapo nkhani zimenezi.