Thandizo la madzi osefukira tizilikonza m'chilimwe

Abale anga a kuno kuchigawo cha kum'mawa kwa Zambia, ndikufuna tikambirane za madzi osefukira nthawi ino imene mitsinje yambiri idakali mchenga wokhawokha, pakuti chizolowezi chathu n'chakuti nkhaniyi timaikumbukira mu Januwale ndi mu Febuluwale, zithunzi za nyumba zakugwa zikayamba kuzungulira pa WhatsApp, koma pofika mu Epulo aliyense amakhala atabwerera ku zake. Maganizo anga ndi akuti thandizo la anthu a kumidzi amene madzi amawazunza chaka ndi chaka liyenera kukonzedwa mvula isanayambe, lisungidwe m'manja mwa eni midziyo, ndipo lisamathere pa thumba la ufa, koma lipitirire mpaka banja litakolola kanthu kudimba.

Kumene madzi amapita tikukudziwa tonse. Mvula imene imagwa kumtunda kuno, ku Chipata, ku Katete ndi ku Lundazi, imatsikira kuchigwa cha Luangwa kudzera m'mitsinje monga Lupande, Msandile ndi Lundazi, ndipo mtsinje wa Luangwa ukadzaza, mitsinje yothira m'menemo imasowa kotaya madzi ake, motero imamwazikira m'minda ndi m'midzi. N'chifukwa chake munthu wa ku Mambwe angathe kugona kumwamba kuli nyenyezi, n'kudzidzimuka pakati pa usiku mphasa itanyowa, madziwo atachokera ku mvula imene inagwa kutali. Mu Febuluwale 2007 madzi analowa ngakhale m'malo ogona alendo a ku Mfuwe, ndipo kumayambiriro kwa 2020 mabanja a m'maboma a Mambwe ndi Lumezi anathawanso m'nyumba zawo. Misewu yafumbi yopita kwa Msoro, kwa Malama, kwa Chitungulu ndi kwa Kazembe imavuta kuyendamo dzinja lililonse. Vuto lodziwika mwezi wake ndi malo ake sitingamalitenge ngati ngozi yotidzidzimutsa.

Tsono funso n'lakuti, pa masiku oyamba aja, mlatho utamira ndipo galimoto ya kuboma ikulephera kuwoloka, amene amathandiza anthu ndani? Ndi mnyamata wa bwato amene amawolotsa agogo ndi ana osalipiritsa, ndi mphunzitsi wamkulu amene amatsegula makalasi kuti anthu agonemo, ndi amayi a mumpingo amene amasonkha ufa wa m'mbale, ndipo koposa onse ndi mabanja a pamalo okwera amene amalandira anzawo m'nyumba. Ndinaonapo kwa azakhali anga, amene nyumba yawo ya zipinda ziwiri inalandira mabanja ena awiri. Mphika umene ankaphikira mowa wamasese ndiwo unasanduka wophikira nsima, amuna ankagona pakhonde atafunda masaka, ndipo chimanga chimene anachiwerengera kuti chiwafikitsa pa mondokwa chinatha mwezi wa Febuluwale usanathe. Pamene anthu olemba mayina anafika, analemba okhawo amene nyumba zawo zinagwa, ndipo azakhaliwo anauzidwa kuti iwo madzi sanawakhudze. Alendo aja analandira ufa, mabulangete ndi lona n'kubwerera kukamanga, pamene mwini nyumba anayamba kuyendera ganyu m'minda ya eni kuti apeze chodyetsa ana ake.

Akuluakulu amati kupatsa n'kuika, ndipo n'zoona kuti tsiku lina wolandiridwayo adzabweza. Komabe ngati kaundula wa ovutika apitiriza kusiya mabanja olandira anzawo, tidzafika poti munthu adzayamba kuwerengera kaye nkhokwe yake asanatsegule chitseko, ndipo chitseko chimenecho ndicho thandizo lokhalo limene silidikira kuti msewu uume. Banja lililonse limene lasunga anthu othawa madzi liyenera kulembedwa pamodzi ndi alendo akewo, n'kulandira chakudya molingana ndi pakamwa pamene ladyetsa.

Chodabwitsa n'chakuti malamulo athu anaziganizira kale zimenezi. Lamulo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi la 2010, limene limatsogolera ntchito za DMMU, nthambi ya boma yoona za ngozi zotere, imene ili pansi pa ofesi ya wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, linakhazikitsa makomiti kuyambira ku likulu, kuchigawo, kuboma, mpaka makomiti ang'onoang'ono a m'midzi. Ndalama nazonso sizikusowa monga kale, chifukwa mu 2022 thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, lotchedwa CDF, linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, lakhala likukwerabe kuyambira pamenepo, ndipo lili ndi kagawo kake ka ngozi zadzidzidzi. Koma komiti ya m'mudzi imene ili ndi kope ndi cholembera basi, ntchito yake imangokhala yowerenga nyumba zakugwa ndi kukwera pachulu kufunafuna netiweki kuti itumize uthenga. Chimene ine ndikupempha makhansala ndi makomiti a chitukuko a m'mawodi n'chakuti pofika mu Okutobala, midzi yodziwika kuti imadulidwa ndi madzi ikhale ndi chipinda chokhoma pasukulu kapena pachipatala chaching'ono, muli matumba a chimanga, malona, masikito, mankhwala a kolorini othira m'madzi akumwa, ndi bwato limodzi lodalirika pamadoko oopsa. Makiyi asakhale ndi munthu mmodzi. Akhale ndi amfumu, mayi wosankhidwa ndi amayi anzake, ndi wa zaumoyo, ndipo zimene zalowa ndi kutuluka ziziwerengedwa pabwalo anthu onse akumva. Ena adzati katunduyo adzabedwa. Angabedwe ndithu, koma kumudzi wakuba amadziwika msanga kusiyana ndi m'nyumba yosungira katundu ya m'tauni, kumene mwini thandizo sanapondeko.

Madzi akaphwera m'pamene mavuto enieni amaonekera, ndipo nthawi imeneyo ojambula zithunzi amakhala atapita. Nyumba ya njerwa zosaotcha siigwa tsiku la madzi lokha, imayamba kufewa m'munsi n'kudzagwa patapita milungu, mwina anthu ali m'kati. Chimanga cha pansi pa nkhokwe chimamera, china chimachita chuku, ndipo chifukwa cha njala amayi amachiyanika padzuwa n'kupita nacho kuchigayo, chonsecho chuku cha m'chimanga ndi mtedza chimawononga chiwindi. Zimbudzi zimagumukira m'kati, zonyansa n'kulowa m'zitsime zosatetezedwa, ndipo amene akukumbukira kolera imene inayamba ku Lusaka mu Okutobala 2023 n'kupha anthu oposa 700 m'dziko muno sangaione mopepuka nkhani ya chitsime. Palinso kanthu kena kamene anthu a m'tauni sitikaganizira, ndiko mapepala. Reji, chitupa cha unzika, ikapita ndi madzi, munthu amavutika kulembetsa feteleza wotchipa wa boma wa FISP kapena kulandira ndalama za mtukulapakhomo, ndipo ulendo wokatenga ina kuboma umadya ndalama imene banja lilibe. Bwanji olembetsa zitupa osapita okha m'midzi yokhudzidwa mu Meyi, msewu ukangotheka?

Koma chachikulu kwa ine ndi mbewu. Madzi amene amakokolola chimanga cha m'munda ndi omwewo amene amasiya dothi lachonde ndi chinyontho m'madimba ndi m'mphepete mwa madambo, ndipo mlimi wa kuchigwa amadziwa bwino kuti akabzala mu Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi angathe kukolola popanda kuthirira kwambiri. Chimene amasowa ndi mbewu ya chimanga chocha msanga, khobwe, nyemba, maungu, mpiru ndi mbewu ya mbatata, popeza zimene anasunga zinavunda kapena zinadyedwa. Chinyonthocho sichidikira munthu. Mbewu imene yafika mu Julayi, ngakhale ibwere ndi mwambo wa zolankhulalankhula ndi nyimbo, imapeza nthaka itang'ambika kale. Boma lili ndi pulogalamu ya Food Security Pack, imene ili ndi gawo la ulimi wa m'madimba, ndipo kuno ku Chipata tili ndi malo ofufuzira za ulimi a Msekera. Nzeru ndi njira zilipo, chotsala ndi kusunga nthawi. Thumba la ufa la makilogalamu 25 banja la anthu asanu ndi mmodzi silithera nalo mwezi, pamene paketi ya mbewu ya makilogalamu awiri yobzalidwa pa nthawi yake imadzetsa mondokwa wodya ndi wogulitsa m'miyezi itatu. Chilala cha 2024, chimene mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, chinatikumbutsanso kuti banja limene lili ndi dimba silifanana ndi limene limadalira munda wa mvula wokha.

Ndimamva anthu ena akunena kuti anthu a kuchigwa n'ngosamva, angosamukira kumtunda nkhani ithe, pajatu walira mvula walira matope. Mawu amenewa ndi osavuta kunena munthu utakhala pampando ku Kapata, m'tauni ya Chipata. Kumtunda kumene akunenako nthawi zambiri ndi kwa miyala, madzi akumwa ali kutali, sukulu ndi chipatala kulibe, ndipo m'madera oyandikana ndi nkhalango ya South Luangwa munda wakutali ndi mudzi ndi chakudya cha njovu. Manda a makolo nawonso ali komweko kumene munthu akuuzidwa kuti achokeko. Kusamuka n'kotheka, ndipo m'malo ena n'kofunikadi, koma kumatheka mafumu akapereka malo, mjigo ukakumbidwa anthu asanafike, ndipo anthu akaloledwa kumanga nyumba pamalo okwera uku akulimabe minda yawo ya kumunsi. Kungowalamula ali m'matenti, amavomera ndi pakamwa, madzi akauma amabwerera.

Ifenso a kumtunda tili ndi mbali yathu pa mlanduwu. Matumba a makala amene amatsika panjinga m'mawa uliwonse kulowa m'Chipata amachokera m'mapiri omwe ankagwira madzi a mvula, ndipo phiri likakhala lambee madzi amathamanga ndi mchenga n'kukwirira mitsinje, motero mtsinje umene kale unkasenza madzi a mvula ya usiku wonse lero umasefukira ndi mvula ya maola ochepa. Aliyense amene anaona mtsinje wa Lunkhwakwa wa ku Chipata utakwiya mvula itagwa kumapiri akudziwa chimene ndikunena.

Pomwe tikudikira kuti a maudindo achite mbali yawo, mipingo, magulu a chilimba ndi mabungwe a anthu ochokera kumudzi umodzi amene akukhala m'tauni angathe kusintha kasonkhedwe kawo. Chaka chilichonse timasonkha zovala zakale madzi atavuta kale, ndipo zina mwa izo ndi masuti ndi nsapato za gogoda zimene palibe angavale m'matope. Ndi bwino chopereka chimenecho chichitike pa nthawi yokolola, chimanga chikadali chotchipa, ndipo ndalama zina zisungidwe padera zogulira mbewu ya kudimba. Wayilesi zathu monga Breeze FM ndi Radio Maria zimamveka m'midzi yambiri. Komiti ya mudzi wa kumtunda kwa mtsinje ikaona madzi akukwera, iziimbira wayilesi ndi komiti ya kumunsi nthawi yomweyo, kuti anthu akhale ndi maola angapo okweza mbuzi, mbewu, mapepala ndi mankhwala a odwala pamalo ouma. Amene muli m'makomiti a m'mawodi a ku Mambwe, Lumezi, Lusangazi ndi Chama, tiuzeni ngati nkhani ya chipinda chosungira katundu ndi bwato inalowa m'mapempho anu a CDF a chaka chino.